Mmene mungakonzere pepala la kafukufuku wa sociology ndi kulitumiza ku journal

Kafukufuku mwamaliza, zomwe munasonkhanitsa mwazisanthula, mwinanso digiri mwalandira kale. Tsopano mukufuna kuti ntchitoyo ituluke mu journal (magazini ya akatswiri yosindikiza kafukufuku) ya sociology, maphunziro a kakhalidwe ka anthu m'magulu, kuti iwerengedwe ndi akatswiri omwe simunakumanepo nawo. Apa m'pamene ofufuza ambiri amagwa mphwayi, chifukwa pepala lomwe analivutikira limabwerera msangamsanga ndi kalata yaifupi yonena kuti silikugwirizana ndi zolinga za journal. Kukanidwa kotere, komwe amati desk reject, kumachitika mkonzi asanalipereke n'komwe kwa owunika (akatswiri ena omwe amaliwerenga ndi kupereka ndemanga), ndipo kawirikawiri kukadapeweka. Mkonzi akatsegula pepala amafunafuna yankho la funso limodzi m'masamba awiri oyamba: kodi munthuyu akuwonjezera chiyani pa zomwe owerenga athu akhala akukambirana? Chilichonse chomwe mungachite pokonza pepala lanu chimuthandize mkonziyo, komanso owunika, kupeza yankholo mosavutika.

Sankhani journal pepala lisanathe

Ambiri amalemba kaye mpaka kumapeto, kenaka n'kuyamba kufunsa kuti alitumize kuti. Tembenuzani ndondomekoyi. Journal iliyonse ili ndi owerenga ake, utali wake wa mapepala ndi mafunso omwe imawakonda, ndipo zimenezi zikutsogolereni mukadali pakati polemba.

Tsegulani mndandanda wa mapepala omwe mwawatchula m'ntchito yanu, muone ma journal omwe akubwerabwera. Ngati mapepala angapo omwe mukugwirizana nawo kapena kutsutsana nawo anatuluka mu journal imodzi, kumeneko n'komwe kuli anthu ofuna kumva zanu. Werengani gawo la Aims and Scope, pomwe journal imafotokoza zolinga zake, kenaka tsegulani makope a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Onani mitu, njira zofufuzira, ndi mmene olemba amayambira nkhani zawo. Mukapeza kuti mulibe ngakhale pepala limodzi lofanako ndi lanu, musadzinyengerere kuti lanu lidzakhala loyamba.

Pali ma journal otenga mitu yonse ya sociology. American Journal of Sociology inayamba mu 1895 ku University of Chicago, American Sociological Review ya bungwe la American Sociological Association inayamba mu 1936, British Journal of Sociology mu 1950, ndipo Sociology ya bungwe la British Sociological Association mu 1967. International Sociological Association ili ndi Current Sociology ndi International Sociology, pomwe CODESRIA, bungwe lolimbikitsa kafukufuku wa za chikhalidwe cha anthu mu Africa, imasindikiza African Sociological Review. Palinso ma journal a nthambi imodzi: Sociology of Education ya zamaphunziro, Gender & Society ya nkhani za amuna ndi akazi, Journal of Marriage and Family ya mabanja, Sociology of Health & Illness ya zaumoyo, ndi Work, Employment and Society ya zantchito. Kwa ine, munthu amene akutumiza koyamba achita bwino kuyambira ku journal ya nthambi yake. Ma journal akuluakulu aja amafuna pepala losuntha maganizo a sociology yonse ndipo amakana ochuluka kwambiri mwa mapepala omwe amalandira, pomwe ku journal ya nthambi mumapeza owunika odziwadi nkhani yanu, omwe ndemanga zawo mungazigwiritse ntchito ngakhale atakukanani. Lembani ma journal atatu motsatana, kuti woyamba akakana musadzayambenso kusakasaka mutu uli wotentha.

Chenjerani ndi ma journal achinyengo. Amatumiza imelo yokutamandani, kulonjeza kuti pepala lituluka pakangotha masiku ochepa, kenaka n'kupempha ndalama, osaliwunika n'komwe. Ena amatenga dzina lofanana kwambiri ndi la journal yodziwika, n'kungosintha liwu limodzi. Jeffrey Beall, yemwe ankagwira ntchito mu laibulale ya University of Colorado Denver, ankasunga mndandanda wa ofalitsa oterewa mpaka pomwe anauchotsa pa intaneti mu January 2017. Masiku ano fufuzani nokha ngati journal ikupezeka m'nkhokwe zosunga mayina a ma journal odalirika monga DOAJ, Scopus, Web of Science kapena African Journals Online, ndipo dzinalo mukalisake pa masamba a mabungwewo, musangokhulupirira chizindikiro chomwe journal yadziikira yokha. Mafunso a kampeni ya Think. Check. Submit., yothandiza ofufuza kuzindikira journal yodalirika, amathandizanso. Pepala likalowa mu journal yachinyengo ndiye lapita, chifukwa journal yabwino sidzalilandiranso, poti latuluka kale.

Za ndalama dziwiranitu. Ma journal ambiri a sociology salipiritsa kuti asindikize pepala, ena amafuna kandalama kotumizira, ndipo ena omwe amawerengedwa ulere pa intaneti amalipiritsa mlembi pepala likavomerezedwa. Ofalitsa ambiri amachotsera kapena kukhululukira ndalamazi kwa ofufuza a m'mayiko osauka, koma pemphani potumiza pomwepo, musadikire kuti invoyisi ifike.

Chotsani mfundo imodzi mu thesis yanu

Thesis, ntchito yaikulu yomwe munalemba kuti mulandire digiri, imalembedwa kuti oyesa aone kuti mwawerenga zonse ndipo mukudziwa kufufuza. Pepala la mu journal limalembedwa kuti litsimikizire owerenga mfundo imodzi. Amene amangodula chaputala chachinayi cha thesis n'kuchimata mutu watsopano amadziwika msanga, chifukwa pepala lake limakhala ndi zolinga zisanu, masamba khumi ofotokoza zomwe ena analemba, ndi zopeza zambirimbiri zosamangika pamodzi. Thesis imodzi yabwino ikhoza kubala mapepala awiri kapena atatu, lililonse ndi funso lake.

Musanapite patali, yesani kulemba mfundo yanu m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Tiyerekeze kuti munafufuza mmene achinyamata amapezera ntchito. Mukalemba kuti "Pepalali likufotokoza mavuto omwe achinyamata amakumana nawo pofuna ntchito m'mizinda," mwangotchula mutu, ndipo mkonzi alibe chogwira. Tsopano yerekezani ndi ichi: "Kuyambira pa ntchito ya Mark Granovetter, akatswiri akhala akunena kuti anthu amamva za ntchito kudzera mwa omwe amangodziwana nawo patalipatali. Pepalali likusonyeza kuti pomwe ntchito zilibe mgwirizano wolembedwa, olemba ntchito amadalira achibale a antchito awo, chifukwa wachibale ndiye angayankhe zinthu zikalakwika." Apa wowerenga akuona zomwe zinkadziwika, pomwe zikuperewera, ndi zomwe inu mwabweretsa. Akhoza kutsutsa, ndipo mfundo yotheka kuitsutsa ndiyo imakopa mkonzi.

Pali chinthu china chomwe chimagwetsa ofufuza ambiri, makamaka omwe amafufuza m'madera omwe salembedwalembedwa. Amaganiza kuti kunena kuti "palibe amene anafufuzapo nkhaniyi m'dera lino" n'kokwanira. Kwa journal ya sociology sikokwanira. Dera lanu likhale chifukwa choonera china chake chatsopano pa nkhani ya ulamuliro, kusiyana kwa anthu pachuma, mabanja, chipembedzo kapena ntchito. Dzifunseni kuti munthu amene sadzafikako kuderalo aphunzirapo chiyani. Ndimaiona nkhaniyi kukhala yofunika kwambiri, chifukwa kafukufuku wa m'madera oterewa ali ndi mphamvu yokonza ziphunzitso zomwe zinamangidwa pa moyo wa anthu a ku Ulaya ndi America okha, ndipo mphamvuyo imatayika mlembi akamangodzichepetsa kukhala wopereka chitsanzo.

Mawu oyamba akhale aafupi, ndipo pofika ndime yachitatu kapena yachinayi wowerenga akhale atadziwa funso lanu, njira yomwe munatsata ndi yankho lomwe mwapeza. Musasungire yankho kumapeto. Gawo lofotokoza zomwe ena analemba lisakhale m'ndandanda woti uyu anati chakuti, uyo anati chakuti. Sonkhanitsani olembawo m'magulu potengera maganizo awo, sonyezani pomwe akusiyana, ndipo imani pomwe pali mpata womwe pepala lanu likutseka. Phatikizanimo mapepala atsopano a mu journal yomwe mwasankhayo ngati akukhudzadi nkhani yanu, poti mwina ena mwa olembawo ndiwo adzakhale owunika anu.

Gawo la njira zofufuzira n'lomwe owunika amaliwerenga ndi diso lakuthwa. Ngati munacheza ndi anthu, nenani kuti anali angati, munawasankha bwanji, macheza ankatenga nthawi yaitali bwanji, anachitika liti ndiponso m'chilankhulo chanji, anamasulira ndani, ndi mmene munasanthulira zomwe ananena. Fotokozaninso za inu mwini ngati msinkhu wanu, udindo wanu, kapena kukhala kwanu mwamuna kapena mkazi kunakhudza zomwe anthu ankamasuka kukuuzani. Ngati munagwiritsa ntchito manambala, tchulani komwe deta inachokera, kukula kwa sampulo, mmene munayezera chinthu chilichonse, zomwe munachita ndi mayankho osoweka, ndi chifukwa chomwe munasankhira njira yowerengetsera imeneyo. Kumbukirani kuti zinthu ziwiri kuyendera limodzi sizitanthauza kuti china chikuchititsa chinzake. Ngati deta yanu inatengedwa nthawi imodzi yokha, samalani ndi mawu monga "chimachititsa". Tchulani komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo ndi mmene anthu anaperekera chilolezo chawo. Asintheni mayina, ndipo onetsetsani kuti sangazindikirike m'njira ina. Kulemba kuti "mphunzitsi wamkulu wa sukulu yokhayo ya m'deralo" n'chimodzimodzi kutchula dzina lake.

Pofotokoza zomwe mwapeza, mawu a anthu omwe munacheza nawo asangoikidwa okha ngati kuti adzilankhulira. Ikani mawuwo, kenaka nenani zomwe akusonyeza ndi mmene akuchirikizira mfundo yanu. Onetsaninso omwe ananena zosiyana ndi ambiri, pakuti wowunika akaona kuti aliyense akuvomerezana nanu amayamba kukayika. Zoperewera za kafukufuku wanu zitchuleni nokha, mwachidule ndi mosabisa.

Tsatirani malangizo a olemba mpaka kadontho

Journal iliyonse ili ndi tsamba la malangizo kwa olemba. Lisindikizeni kapena likopereni, muzichonga chimodzichimodzi. Utali umasiyana kwambiri: American Sociological Review imalola mawu ofika 15,000, pomwe Sociology imafuna pafupifupi 8,000. Onani ngati chiwerengerocho chikuphatikiza mndandanda wa mabuku, matebulo ndi mawu a m'munsi, ndipo tsatirani zomwe zalembedwa pa tsikulo chifukwa malamulowa amasintha. Pepala lopitirira malire limatha kubwezedwa lisanawerengedwe.

Katchulidwe ka mabuku nakonso n'kosiyana. Ma journal a American Sociological Association amatsata ASA Style Guide, yomwe mkati mwa nkhani imafuna dzina, chaka ndi tsamba m'mabulaketi motere, Granovetter 1973:1361, popanda koma pakati pa dzina ndi chaka. Ena amatsata Harvard, APA kapena Chicago. Pulogalamu ngati Zotero, yomwe ndi yaulere, kapena Mendeley ndi EndNote, imasintha katchulidwe konse pakanthawi kochepa, komabe muwerengenso ndi maso anu. Dzina lililonse lomwe lili m'nkhani lipezeke pamndandanda, ndipo lililonse la pamndandanda lipezeke m'nkhani. Tebulo lililonse likhale ndi nambala ndi mutu womveka paokha.

Chidule, chomwe ma journal ambiri amafuna kuti chikhale cha mawu pakati pa 150 ndi 250, chilembeni pomaliza koma muchipatse nthawi yokwanira. Mkonzi amayambira pamenepo, ndipo munthu akapemphedwa kuti awunike pepala amaona mutu ndi chidule chokha asanavomere. Muikemo funso, deta, njira, zomwe mwapeza ndi tanthauzo lake. Chiganizo choti "zotsatira zake zakambidwa" chichotseni, m'malo mwake nenani zotsatirazo.

Ngati mukulemba m'chilankhulo chomwe si chanu chobadwa nacho, musayese kubisa zimenezo ndi mawu akuluakulu. Ziganizo zazifupi zomveka zimaposa zazitali zokhotakhota. Perekani pepalalo kwa anthu awiri musanatumize: mmodzi wodziwa nthambi yanu, wina wosaidziwa. Wachiwiriyo mumufunse kuti akuuzeni mfundo ya pepalalo m'mawu ake. Akalephera, bwererani ku mawu oyamba.

Bisani dzina lanu

Ma journal ambiri a sociology amawunika mobisa mbali zonse ziwiri: owunika sadziwa mlembi, mlembi sadziwa owunika. Choncho mudzakonza mafayilo awiri. Yoyamba ndi tsamba la mutu, lokhala ndi mayina a olemba, komwe amagwira ntchito, imelo ya amene azilandira makalata, mawu othokoza ndi dzina la omwe anapereka ndalama za kafukufuku. Yachiwiri ndi pepala lenilenilo, lopanda chilichonse mwa zimenezi.

Dzina limabisala m'malo omwe simungawaganizire. Chiganizo choti "monga ndinasonyezera m'kafukufuku wanga wa 2019" chakuululani kale. Chilembeni ngati mukunena za munthu wina, kapena ikani "Author 2019" ngati journal ikutero. Dzina la yunivesite yomwe komiti yake inavomereza kafukufuku lichotseni kaye, mudzalibwezeretse pepala likavomerezedwa. Ndiye pali fayilo yeniyeniyo: Microsoft Word imasunga dzina la mwini kompyuta mkati mwa fayilo ndi pa ndemanga zam'mbali. Pitani pa File, kenaka Info, musankhe Inspect Document, muchotse zonse zokhudza inu. Dzina la fayilo nalonso lisakhale ndi dzina lanu.

Gwirizanani za olemba, ndipo khalani oona

Nkhani ya amene dzina lake lilembedwe, ndi loyamba likhale la yani, ikambidwe pepala lisanatumizidwe. Mlembi ndi munthu amene anathandizadi kupanga kafukufuku, kusanthula kapena kulemba, amene wawerenga pepala lomaliza ndipo ali wokonzeka kuyankhapo. Kuika dzina la bwana chifukwa cha ulemu chabe n'kulakwa, monganso kusiya dzina la wophunzira amene anagwira ntchito yaikulu. Ma journal ambiri tsopano amafunsa zomwe aliyense anachita potsata ndondomeko ya CRediT, yomwe ili ndi maudindo 14. Mlembi aliyense atenge nambala ya ORCID, yomwe ndi yaulere ndipo yakhalapo kuyambira 2012, kuti ntchito zake zisasokonezeke ndi za wina wa dzina lofanana.

Pepala litumizidwe ku journal imodzi pa nthawi imodzi. Lamuloli lilibe kuchitira mwina, ndipo potumiza mudzafunsidwa kutsimikiza zimenezi. Ofalitsa ambiri amadutsitsa mapepala mu iThenticate, yomwe imagwira mawu okopera, kuphatikizapo omwe mwakopera m'mapepala anu akale osatchula. Ngati pepalalo lachokera mu thesis, kapena munaliika kale pa SocArXiv, nkhokwe ya mapepala osawunikidwa yomwe inayamba mu 2016, muuzeni mkonzi ndipo onani lamulo la journal pa zimenezi. Bungwe la COPE, lomwe lakhala likutsogolera za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku kuyambira 1997, linanena mu 2023 kuti mapulogalamu a AI sangakhale olemba, chifukwa sangayankhe mlandu pa zomwe zalembedwa. Ngati munawagwiritsa ntchito, nenani mmene munawagwiritsira, ndipo tsimikizani buku lililonse lomwe akupatsani, poti amatha kupeka mabuku omwe kulibe.

Tsiku lotumiza

Kalata yoperekeza pepala isapitirire tsamba limodzi. Tchulani mutu, fotokozani mfundo yanu m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, nenani chifukwa chomwe owerenga journal imeneyi angaifunire, ndipo tsimikizani kuti pepalalo silinasindikizidwepo ndipo silili kwina. Onani kawiri dzina la mkonzi ndi la journal, makamaka ngati kalatayo munailembera journal ina poyamba.

Kutumiza kumachitika pa intaneti, kawirikawiri kudzera mu ScholarOne, Editorial Manager kapena Open Journal Systems. Sonkhanitsani zonse musanayambe: mafayilo awiri aja, chidule, mawu osakira (keywords), maimelo ndi ma ORCID a olemba anzanu, ndi chiganizo chonena ngati pali ubale wa zandalama kapena wa zantchito womwe ungakhudze zomwe mwapeza. Ma journal ena amafunsanso ngati deta yanu ingaperekedwe kwa ofufuza ena. Ngati anthu omwe munacheza nawo sanalole, nenani choncho. Mukafunsidwa kutchula omwe angawunike, sankhani akatswiri odziwa nkhaniyo omwe simunalembe nawo limodzi posachedwa, omwe si a pamalo anu antchito, ndiponso omwe sanakuphunzitseni. Pomaliza makinawo amapanga PDF yoti muivomereze. Itseguleni, muiwerenge tsamba ndi tsamba, chifukwa matebulo amasokonekera ndipo zilembo zina zimasintha. Mukatumiza, sungani imelo yokhala ndi nambala ya pepala lanu.

Kudikira ndi kuyankha owunika

Pepala likadutsa kwa mkonzi limapita kwa owunika awiri kapena atatu, nthawi zina kuposerapo. Awa ndi akatswiri anzanu omwe amagwira ntchitoyi mongodzipereka, pamwamba pa kuphunzitsa ndi kafukufuku wawo, n'chifukwa chake zimatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yomwe journal inalonjeza ikadutsa ndithu, lembani imelo yaifupi yaulemu yotchula nambala ya pepala ndi kufunsa pomwe zafika. Pakadali pano yambani pepala lina.

Yankho likhoza kukhala kukanidwa, kuvomerezedwa pokhapokha mutakonza zochepa, kapena revise and resubmit, kutanthauza kuti mukonze ndi kutumizanso. Kuvomerezedwa popanda kukonza chilichonse sikuchitikachitika. Amene akutumiza koyamba ambiri akaona masamba a ndemanga amaganiza kuti akanidwa, n'kusiya pepalalo. Chonde musatero. Revise and resubmit ndi nkhani yabwino, chifukwa mkonzi waona kuti pepalalo likhoza kutuluka, ndipo mapepala ambiri omwe mumawerenga mu journal anadutsa momwemo.

Werengani ndemangazo kamodzi, muzisiye masiku angapo mtima ukhale pansi, kenaka muziwerengenso ndi cholembera m'manja. Yambani ndi kalata ya mkonzi, pakuti ndiye amasonyeza mfundo zomwe akuziona kukhala zazikulu, makamaka owunika akasiyana maganizo. Gawani ndemanga zonse kukhala mfundo zokhala ndi manambala, ndipo iliyonse ilandire yankho m'kalata yomwe mudzatumize pamodzi ndi pepala lokonzedwalo. Yankho labwino limaoneka motere: "Wowunika 2, mfundo 3, anafunsa chifukwa chomwe sitinacheze ndi olemba ntchito. Tikuvomereza kuti zimenezi zikuchepetsa zomwe tinganene pa zolinga zawo. Tafotokoza izi pa tsamba 11, ndipo pa tsamba 24 tasintha mawu kuti aonetse kuti awa ndi maganizo a antchito." Mkonzi akawerenga yankho lotere safunika kusakasaka, amangotsegula tsambalo n'kuona.

Simukakamizidwa kuvomereza chilichonse. Ngati wowunika akufuna kuti pepala lisanduke lina, kapena wapempha chinthu chomwe deta yanu singathe, kanani mwaulemu ndi kupereka chifukwa chomveka. Chosayenera ndi kudumpha mfundo mwakachetechete, poti kawirikawiri pepala limabwerera kwa owunika omwewo ndipo aliyense amayamba wafufuza mfundo zake. Pomwe wowunika sanakumvetseni, ganizirani kaye ngati vuto silili pa kalembedwe kanu, chifukwa chomwe chasokoneza iye chidzasokonezanso ena. Ngati nthawi yomwe mwapatsidwa ikuchepa, pemphani kuwonjezera tsiku lisanakwane.

Mukakanidwa, dziwani kuti zimachitikira aliyense. Pepala la Granovetter lija, "The Strength of Weak Ties," linakanidwa ndi American Sociological Review mu 1969, iye n'kulikonzanso, ndipo linatuluka mu American Journal of Sociology mu 1973. Lero ndi limodzi mwa mapepala otchulidwa kwambiri mu sociology. Tengani ndemanga zomwe mwalandira, konzani zomwe zili zoona, sinthani utali ndi katchulidwe kuti zigwirizane ndi journal yachiwiri pa mndandanda wanu, ndipo tumizani pasanapite nthawi yaitali. Musatumize pepala losasintha, chifukwa m'nthambi zazing'ono likhoza kukagweranso m'manja mwa wowunika yemweyo.

Likavomerezedwa

Bwezeretsani mayina, mawu othokoza ndi zonse zomwe munabisa zija. Mudzasaina mgwirizano ndi ofalitsa. Uwerengeni kuti mudziwe ngati umwini wa pepala ukupita kwa iwo kapena likutuluka pansi pa chilolezo cha Creative Commons monga CC BY, chomwe chimalola ena kuligawa ndi kuligwiritsa ntchito bola atchule mlembi, ndiponso kope liti lomwe mukuloledwa kuika mu nkhokwe ya yunivesite yanu kuti omwe sangathe kulipira aliwerenge. Kenaka adzakutumizirani masamba osanjidwa kale kuti muwaone komaliza, ndipo kawirikawiri amapereka masiku ochepa chabe. Iyi si nthawi yolembanso ndime. Onani kalembedwe ka mayina a olemba onse, manambala a m'matebulo powayerekeza ndi omwe muli nawo, mawu a anthu omwe munacheza nawo, ndi zilembo za m'mawu a zilankhulo zina zomwe makina amakonda kuziwononga. Yankhani mafunso onse omwe osanja alemba m'mbali. Pepala likatuluka lidzapatsidwa nambala ya DOI, yosasintha, yolipezera pa intaneti. Iikeni pa ORCID yanu, ndipo tumizani kope kwa omwe anakuthandizani. Anthu omwe munawafufuza nawonso muwafikitsire zomwe mwapeza, m'chidule cholembedwa m'chilankhulo chomwe amamva.